Nyumba ya Nthiti

Mukamachoka ku Manyamula kulowera kumudzi kwa apongozi anga, musanafike pachigayo, mudzaona nyumba ya njerwa zowotcha yopanda malata. Makoma ake ndi owongoka bwino, mawindo ake akuluakulu. Pamwamba pake pali mapaso ndi mitanda yachitsulo basi, zofiirira ndi dzimbiri, moti ukaima mkati umaona mitambo ikudutsa. Ana a m'mudzimo anaitcha nyumba ya nthiti, ndipo anyamata a kabaza akamalondolerana njira amati, "Mukafika pa nthiti mukhotere kumanzere." Nyumba imeneyo ndi yanga. Sindinagonemo n'kamodzi komwe.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza kuno kudzaphunzitsa ndili mtsikana, Chitumbuka ndisakuchidziwa ngakhale moni. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, ndipo akatopetsa timamupatsa bulangeti lake n'kumuonetsa njira. Kuno zinthu n'zina. Nditapeza mwamuna, abale ake anapita kwathu ndi malowolo, ndipo amalume anga analandira akuseka, osadziwa kuti akupereka ine pamodzi ndi ana amene ndinali ndisanabale. Mayi anga anandichenjeza, koma ine ndinawayankha mwamwano kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Pakamwa panga pamandipweteketsa kuyambira kalekale.

Mwamunayo sanali woipa, ndipo ngakhale lero sindinganame kuti anali woipa. Ankacheka matabwa ku Chikangawa, manja ake anali odziwa ntchito, nthabwala zake zinkandiseketsa mpaka misozi. Tinabereka mwana mmodzi, wamwamuna. Kenaka mitengo ya paini inayamba kutha, ina kupsa ndi moto, ntchito ya macheka n'kuchepa. Iye anachita zimene amuna a kuno amachita: anakwera galimoto ya matransipota, anthu aja amene amatengera anzawo ku Joni, n'kupita.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi mantha amodzi okha, akuti Joni adzanditengeranso mwana. Ndinkaziona m'kalasi mwanga momwe. Ukafunsa anyamata a Sitandade 8 kuti adzakhala ndani akadzakula, mmodzi amati dokotala pofuna kukusangalatsa, ena onse amangoyang'ana pawindo, poti akudziwa kale kumene akupita. Ndinalumbira mumtima kuti wanga yekha adzaphunzira, adzagwire ntchito kuno kwathu, ndizidzamuona ndi maso.

Zaka zoyamba bambo ake ankabwera Disembala aliyense, atanenepa, atavala nsapato zosongoka. Apongozi anatipatsa malo m'mphepete mwa msewu, tinaumba njerwa, makoma anakwera. Ine ndinkakhala m'kanyumba ka aphunzitsi kusukulu, kodontha, koma sindinkadandaula chifukwa ndinkaona kumene ndikupita. Itafika nthawi ya denga, kunabwera kalipentala wa m'mudzimo, mkulu wina wamtali amene anakhoma madenga a theka la nyumba za kumeneko. Anayeza makoma ndi chingwe n'kutiuza matabwa oti tikagule. Mwamuna wanga anangoseka.

"Adada, matabwa ndimawadziwa ine kuposa inu," anatero. "A masiku ano akucheka mitengo yanthete, yaiwisi. Mukakhoma lero, mawa yapindika, mkuja chiswe chadya. Ku Joni denga timamanga ndi chitsulo. Nyumba iyi adzagonamo adzukulu a mwana wangayu."

Kunena zoona ndinanyada. Kumene ankagwira ntchito ya zomangamanga anali ataphunzira kuwotcherera. Anapita ku boma n'kubwera ndi lole yodzaza zitsulo zazitali zamphako, anabwereka jenereta, n'kuyamba ntchito yekha. Mudzi wonse unasonkhana. Ana ankayang'anitsitsa moto wowotcherera ngakhale tinkawakalipira, m'mawa mwake n'kudzuka maso atatupa. Pamene zitsulo zinaima pamwamba pa makoma, zakuda, zonyezimira padzuwa, amayi a m'mudzimo anaimba nthungululu ngati pali ukwati. Ine ndinkayenda ngati sindikuponda pansi.

Koma zitsulo zinadya zonse zimene anabwera nazo, ndipo masiku ake a tchuthi anatha malata asanagulidwe. Kalipentala uja anabweranso, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mitambo, n'kunena kuti denga likakwera malata amayenera kukwera sabata lomwelo, ndiwo mwambo wa ntchito.

"Zimenezo n'za matabwa, adada," anatero mwamuna wanga. "Chitsulo chimadikira."

Anandisiyira chitini cha penti wofiira, woti adzapake zitsulozo akadzabwera ndi malata Disembala winayo. Ndinachiika pansi pa bedi.

Mawu aja ndawaganizira zaka zambiri. Matabwa amafulumizitsa munthu. Mwamuna amene matabwa ake ali pamtetete mvula ikubwera sagona tulo: amagulitsa mbuzi, amagulitsa njinga, amakalima ganyu kwa mlamu wake amene amadana naye, bola malata akwere. Akazengereza, mvula imodzi yokha imamuchititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ndaona amuna aulesi, zidakwa zenizeni, akumaliza nyumba chifukwa matabwa anawakakamiza. Wanga anali wakhama kuposa onsewo, koma denga lake silinamuthamangitse. Linamulola kuchoka mtima uli m'malo.

Disembala winayo sanabwere, anati mapepala ake avuta. Wotsatira anati ntchito yachuluka. Mafoni anayamba kutalikirana, kenaka nambala inasiya kulira. Ndinkapita ku boma kukafunsa matransipota, iwo n'kumandiyankha zosiyanasiyana. Wina anati anamuona ali bwinobwino, wina anati anasamukira tauni ina, wina anangoyang'ana pansi n'kunena kuti amuna kumeneko sakhala okha. Kuno kuli dzina la munthu wotero, amati mtchona, munthu amene anapita osabwerera koma maliro ake sanamveke. Palibe anandiuza pamaso kuti ndine mkazi wa mtchona, koma ndinkalimva dzinalo likunditsata kumsika.

Ndikapita kwa apongozi kukadandaula, yankho linali limodzi. Apongozi aamuna ankaloza zitsulo zija ndi ndodo yawo. "Lindilirani waka, mkamwana. Wizenge. Munthu angasiye nyumba yotere?" Ndiye kuti ine mkazi wa mwana wawo ndingodikira, abwera. Nthiti zija zinasanduka umboni. Mkazi wina mwamuna wake akasowa, pakapita zaka anthu amayamba kumumvera chisoni, ena n'kumuuza kuti aone zochita. Ine ayi. Aliyense wodutsa pamsewu ankaona kuti mwamuna wanga ali ndi maganizo obwerera, taonani denga lachitsulo.

Mwana anakula akuyang'ana nyumba imeneyo. Anzake ankamuseka kuti kwanu mumagona mukuwerenga nyenyezi, ndipo kangapo anabwera kunyumba malaya atang'ambika chifukwa cha ndewu. Anali wanzeru m'kalasi, masamu ankawakhoza kuposa ine mayi wake, koma akaweruka ankakonda kukakhala yekha pakhoma la nyumbayo. Ali Folomu 3 anayamba kulankhula mawu amene ndinkawaopa aja. Tikudya, anangoti, "Amama, ndikalemba mayeso ndipita ndikatenge malata." Ananena mosavuta, ngati malatawo ali kugolosale ya pa Manyamula.

Pamenepo ndinaganiza kuti ndifolere ndekha nyumbayo iye asanamalize sukulu. Ndinkati denga likatsekeka, chifukwa chopitira chitha. Ndinasiya kugula chitenje chatsopano, ndinasiya tiyi wamkaka, ndinkagulitsa mandasi pa buleki ngakhale ahedi ankandiyang'ana moipa. Malata ndinkagula pang'onopang'ono, n'kumawasunga kuseri kwa kabati m'kanyumba kanga. Atakwana, ndinakagwada kwa apongozi kupempha chilolezo, poti malo ndi awo ndipo nyumba ndi ya mwana wawo. Anavomera mosangalala. Anati kufolera n'kumuthandiza mwiniwake, akadzabwera adzayamika.

Ndinaitana kalipentala uja, amene tsopano anali atayamba kuwerama msana. Anabwera ndi hamala yake, ine ndinali nditagula misomali ya malata yodzaza chidebe. Palibe mwa ife, ine mphunzitsi wazaka zonsezi, kalipentala, alamu anga amene anabwera kudzathandiza, amene anaima n'kudzifunsa kuti msomali ulowa bwanji m'chitsulo. Malata amakhomedwa ndi misomali, ndi zimene tonse tinkadziwa chibadwire. Mkulu uja anakwera, anayala lata loyamba, n'kumenya. Msomali unapindika ngati mbedza. Anatenga wina, unapindika. Wachitatu unathawa n'kukagwera m'ndowa ya madzi. Alamu anayamba kuseka, nanenso ndinaseka.

Kalipentala anatsika n'kupukuta thukuta. "Madamu, mwana uja anamanga zinthu zake za ku Joni. Izi zikufuna makina obowolera, ndipo makinawo akufuna magetsi. Mbwenu tiyeni timange ndi waya."

Ndikanakana, koma mvula inali pafupi ndipo ine ndinali pa liwiro ndi mayeso a mwana. Anabowola malata ndi msomali womwewo, kulowetsa waya, munthu wina ali mkati akupotokola. Anafolera mbali imodzi, yoyang'ana kumsewu, n'kunena kuti inayo adzamaliza waya wina akapezeka. Kwa masiku angapo nyumba yanga inkaoneka ngati nyumba ukamachokera ku Manyamula. Mwana wanga anasesa chipinda chimodzi, anati chimenecho ndi chake.

Mphepo ya mvula yoyamba inabwera masana, ine ndili m'kalasi. Inalowa mbali yosafolera ija n'kunyamula malata kuchokera pansi. Waya sanaduke, malata ndiwo anang'ambika pamabowo. Pamene ndinkafika ndikuthamanga, ena anali atakulungika m'munda mwa anthu, lina litakola mumtengo wa mango, lina litagwetsa khola la nkhuku la aneba. Ndinapeza mwana wanga akuwatola mvula ikumuvumba, chala chikutuluka magazi. Anapulumuka ndi aja okha amene anali asanakwere. Ndinalira pamaso pa ana asukulu amene ananditsatira, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Ndinadikira mvula ithe, kenaka ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba. Ndinapita ku boma, kuseri kwa msika kumene kuli anthu owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, n'kupeza bambo wina amene anali ndi jenereta ndi makina obowolera. Anati ntchito yotero amaidziwa, malata amamangidwa ndi mabawuti, koma ayambe wakaona. Anabwera pa njinga yamoto Loweruka lina. Anatsamiritsa makwerero pakhoma, anakwera, n'kugogoda chitsulo chimodzi ndi hamala. Kunagwa zinyenyeswa zofiira. Anagogoda pamfundo pamene zitsulo zinalumikizana, ndipo hamala inalowa mkati. Munatuluka madzi akuda onunkha, a mvula ya chaka chomwecho kapena ya zaka zammbuyo, sindikudziwa.

Anatsika msangamsanga. "Mayi, amene anawotcherera apa ntchito amaidziwa, sindinganyoze. Koma zitsulo izi n'zamphako, kumapeto sanatseke, penti sanapake. Madzi akhala akulowa n'kumagona momwemo. Zadyeka kuchokera mkati. Ine pamwamba apa sindingakwere, ndili ndi ana."

Ndinakumbukira chitini chija. Madzulo ake ndinachitulutsa pansi pa bedi n'kuchitsegula ndi mpeni, ndipo penti anali atauma gwa ngati mwala.

Wowotcherera uja anandilimbitsa mtima asanapite. Anati makoma ali bwino, palibe mng'alu. Chofunika n'kudula zitsulo zonse n'kuzitsitsa, ntchito ya tsiku limodzi, kenaka kukhoma denga lina, kaya lamatabwa kaya lachitsulo. Malata otsala aja akanakwana zipinda ziwiri, ndipo zipinda ziwiri zikanatikwanira ine ndi mwana. Ndinaona ngati njira yatseguka.

Ndinapitanso kwa apongozi. Tsiku limenelo anaitana alamu anga onse, amuna pamipando, ife amayi pamphasa. Mwana wanga, amene anali atangomaliza kulemba mayeso a Folomu 4, anakhala kumbali ya amuna, poti tsopano ankawerengedwa ngati mwamuna wa pamudzipo. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, maso pansi, monga mkamwana amayenera kuchitira. Pomaliza ndinapempha kuti titsitse zitsulozo.

Mlamu wanga wamkulu ndiye anayankha. "Alamu, kufolera tinakulolani. Koma kutsitsa denga ndi nkhani ina. Denga timatsitsa la munthu wakufa. Mwamva uthenga wa maliro inu?"

Ndinati sindinamve. Ndinati sindikutsitsa denga, ndikutsitsa dzimbiri, ndipo tsiku lina lidzagwera mwana wa munthu. Iwo anati lidzagwe lokha, koma osati ndi dzanja la munthu. Apa mtima wanga wa ku Dedza unandigwira. Ndinadzutsa mutu n'kuwauza kuti m'bale wawoyo mwina ali ndi denga lina kumene aliko, lofolera bwino, ndipo pansi pake pakugona ana ena. Ndinati ine ndakalambira m'nyumba ya boma ndikulondera mafupa. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze.

Ndinkayembekezera kuti apongozi aamuna andikalipira. Koma nkhalamba ija inangogwira ndodo yake ndi manja onse awiri. "Ndapota, mkamwana," anatero. "Mukatsitsa zimene zija, mwandiikira mwana m'manda ine ndili moyo. M'mawa uliwonse ndimatuluka n'kuziyang'ana." Misozi inatsika m'masaya mwawo. Zaka zonsezi ndinkaona ngati wodikira ndine ndekha.

Mlamu uja anatseka nkhani. Anati palibe amene akukana kuti nyumba ikonzedwe, koma mawu achokere kwa mwiniwake. Akanena ndi pakamwa pake kuti tsitsani, adzatsitsa tsiku lomwelo. Ndinafunsa kuti mwiniwakeyo timupeza kuti, poti foni yake inafa kalekale.

"Ine ndikawafunsa."

Anali mwana wanga. Ananena ataimirira, mawu ake ali phee. Alamu anagwedeza mitu, wina anamuthokoza m'Chitumbuka, "Yewo, mwanalume." Apongozi anamuyang'ana nkhope itawala. Ine ndinakhala pamphasa paja ndikuona bwinobwino zimene ndachita. Kale ankangolota za malata, zinthu zoti ndikanatha kumuletsa. Tsopano anali ndi ntchito yopatsidwa ndi mudzi wonse, ndipo amene anaibweretsa pabwalo ndinali ine.

Ndinamuchonderera masiku onse otsatira. Ndinati nyumba isiye, ine sindikuifunanso, ndikapuma ntchito ndidzachita lendi. Ndinati tiye ku Dedza, kuli malo a mayi anga. Anandiseka mwachifundo, anati iye ku Dedza akakhala ndani, kwawo ndi kuno. Ndinati dikira zotsatira za mayeso. Anati zidzamupeza. "Amama, ndikungokamva mawu awo basi. Disembala ndabwera."

Ndinkaganiza kuti ulendo ulephereka poti analibe cholipirira, ndipo ine ndinakanitsitsa kumupatsa ngakhale tambala. Koma alamu anakambirana ndi transipota wina wa ku boma, amene ankamanga sitolo yake. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza kuseri kwa kabati kuli mbee. Malata aja, amene ndinagula ndi mandasi kuti mwana asapite, ndiwo anamulipirira ulendo. Mpaka pano ndikapita ku boma ndimawaona padenga la sitoloyo, ndipo ndimawazindikira chifukwa limodzi lili ndi dontho la inki yofiira imene inatayikira kuchokera pakabati.

Ndinamuperekeza. Galimoto inali ndi ngolo kumbuyo, yodzaza zikwama, ndipo mkati munali anyamata ena amene ndinawaphunzitsa ndekha. Onse anandipatsa moni mwaulemu, "Madamu, Madamu." Ndinamupatsa jekete ndi chiponde. Zotsatira za mayeso zitatuluka, anali atakhoza bwino kwambiri. Ndinapita ndekha kukaona dzina lake pakhoma.

Iye amaimba, sindinganene kuti saimba. Bambo ake sanawapeze. Kumene anauzidwa kuti akawafunse anapeza anthu ena, amene anamulozera kwina, kwinakonso anamulozera kwina. Disembala woyamba anati sangabwere chimanjamanja. Wachiwiri anati mapepala. Panopa akuti anapeza ntchito pamalo ena omanga nyumba zosanja.

Chaka chatha apongozi aamuna anadwala kwambiri, ndipo ali ku chipatala ku Embangweni anandiitana pafupi. Anati mwina analakwa, ndikafuna nditsitse, iwo sadzaona. Ndinatuluka panja n'kumuimbira mwana wanga nthawi yomweyo. Ndinati agogo ako alola, palibenso choti ukafunse, bwera tidzatsitse, tifolere ndi matabwa.

Kumbuyo kwake ndinkamva phokoso la makina. Iye anati, "Amama, matabwa ayi, chiswe. Zitsulozo musazikhudze, ndidzabwera ndidzakonze ndekha. Ndaphunzira kuwotcherera."

Ndinafuna kumuuza za hamala ija imene inalowa mkati, za madzi akuda aja, ngakhale anali pomwepo tsiku limenelo ndipo anaona ndi maso ake. Koma mayunitsi anatha. Chaka chamawa ndikupuma ntchito, kanyumba ka aphunzitsi ndibweza. Mtanda umodzi wa kumbali ya msewu unagwa ndi mvula yapitayi, ndipo alamu anaunyamula n'kuutsamiritsa bwinobwino pakhoma, kuti mwiniwake adzaupeze.